Khutu Lakumanja la Adadi

Ayi iwe, usatisunthe! Ndikudziwa, ndikudziwa, tisipika timayenera kukhala kamodzi uku kena uko, si ine ndinakuphunzitsa zimenezo? Koma m'nyumba muno timakhala pamodzi chonchi, kumapeto kwa tebulo, mbali ya kumanzere kwa mpando wa adadi. Tisiye. Khala apa ndikuuze, chifukwa zimene wamva kusukulu zoti adadi anawachotsa ntchito chifukwa cha mowa ndi bodza lamkunkhuniza. Adadi anga fungo lokha la mowa limawapweteketsa mutu.

Ukuwadziwa adadi, si iwe unkati amayenda ngati akuvina? Kuntchito kwawo, ku shopu ya matabwa ija, palibe ankawatchula dzina. Onse ankati a Wayilesi. Kuyambira ine ndisanabadwe anali pa makina amodzi omwewo, opala matabwa. Ndinapitako tsiku lina kukawasiyira makiyi a nyumba, iii, makina ake! Thabwa limalowa lakuda, lokhakhala, kukatuluka mbali inayo losalala ngati tsaya la khanda. Ndinaima pakhomo kukamwa kuli yasa, mpaka wina anandikankha ndi wilibala. Koma phokoso lake, mnzanga, silimalowa m'makutu mokha, limalowa mpaka m'mano. Ndiye utuchi! M'tsitsi, m'nsidze, m'matumba. Amayi ankati utuchi umene akutumula m'mabuluku a adadi pa zaka zonsezi ukanakwana kupangira kabati.

Pa makina amenewo pamakhala anthu awiri. Adadi ankalowetsa thabwa, ndipo batani lozimitsira lili mbali yawo. Kuseri kumakhala wolandira, ndiye a Kamfupi amenewo, bambo aja ankabwera kuno Lamlungu kudzakangana ndi adadi za mpira. Makina ali kumanja kwa adadi, a Kamfupi nawonso kumanja komweko. Utuchi ukatseka potulukira thabwa, wolandira amakuwa kuti "Zimitsa!" Wolowetsa amagwedeza mutu n'kudina batani, kenako wolandira amalowetsa dzanja kuchotsa utuchiwo. M'shopumo mumalira makina ambirimbiri nthawi imodzi, sungadziwe ndi khutu ngati ako azima kapena ayi. Umangodalira mutu wa mnzako basi.

Tsono anthu onse m'menemo amamvera nyimbo pa timahedifoni tating'ono tija tam'khutu. A kapitawo, amene amayang'anira ntchito, anayesa kuletsa, anthu n'kumatibisa m'zipewa, mawaya kudutsa m'kati mwa shati. Mpaka anatopa n'kuika lamulo lakuti chabwino, koma khutu limodzi lokha, ndipo khutu loyang'ana kwa mnzako likhale lopanda kanthu. Adadi lamulo limenelo ankalisunga kuposa aliyense. Kahedifoni kumanzere, kumanja kulibe kanthu. Voliyumu mpaka kumapeto kuti nyimbo ipose makina. Ankati munthu wopanda nyimbo pa makina amenewo amayamba kuyankhula ndi matabwa.

Akaweruka, kusamba, kukhala pa mpando uwu, kuvala mahedifoni aakulu aja akuda. Chikopa chake chinasupuka kalekale, amayi anachita kuwasokera tinsalu ta maluwa, adadi n'kumaoneka ngati avala tizigoba ta mphatso m'makutu. Maso tseke, phazi likugunda pansi. Ndipo panali nyimbo imodzi imene ankaibwereza mpaka batire kutha, anawaikira mufoni a Kamfupi omwewo. Bambo wina akudandaula kuti mkazi wamuthawa, gitala akulira pambali. Lamlungu adadi akayamba kuiimba ndi pakamwa, a Kamfupi ankalowererapo ndi kamawu kakang'ono kachizimayi, dzanja m'chiuno. Adadi ankakwiya! "Iwe Kamfupi, bwanji umaononga nyimbo za eni ake? Zimenezo wazitenga kuti?" A Kamfupi n'kumangoseka, kuganiza kuti mnzawo akuchita nthabwala.

Amayi akawayankhula adadi ali mbali ya kumanja, zii. Amayi ankati, "Bambo ako ali ndi khutu la nyimbo ndi khutu la ine. La ine linapita kutchuthi." Tinkaseka mpaka kugwira nthiti! Panjira adadi nthawi zonse ankayenda kumanja kwa amayi, ine n'kumati eee, chikondi, akuwatchinga ku magalimoto. Foni nthawi zonse ankaika kumanzere. Zonsezi zikuoneka lero. Nthawi imeneyo palibe anaganizako, ngakhale iwo eni.

Tsiku lakelo ndinabwera kusukulu n'kuwapeza ali pakhomo dzuwa lili pamutu, atavala vesiti yokha. Vesitiyo inali ndi magazi, m'manja magazi ouma mpaka m'zigongono. Ndinakuwa. Amayi anandigwira pakamwa n'kundinong'oneza kuti si awo. Makina anadya dzanja lamanja la a Kamfupi, zala zitatu ndi mbali ya chikhatho. Adadi ndi amene anavula shati n'kumanga, ndi amene anawanyamula mpaka pa galimoto. Anakhala pamenepo osasamba mpaka madzi amene amayi anawaikira anazizira.

Ndiye nkhani inavuta apa. A kapitawo anafunsa aliyense payekha. A Kamfupi ali pa bedi kuchipatala anati anakuwa, anakuwanso, ndipo anaona a Wayilesi akugwedeza mutu, ndiye analowetsa dzanja. Adadi anati, "Sanakuwe." Enawo aliyense anali pa makina ake ndi nyimbo yake, palibe anaona chiyambi chake. A kapitawo anati khutu la a Wayilesi linali lopanda kanthu monga mwa lamulo, iwo anaona ndi maso awo, ndiye munthu akanakuwa akanamveka. Kutanthauza kuti wolakwa ndi a Kamfupi, analowetsa dzanja osachenjeza. Ndipo ku shopu imeneyo ukavulala utaphwanya lamulo, ntchito yatha, zakuchipatala udzionere wekha. Eni shopu anati adzakhala pansi kumapeto kwa sabata kuti agamule, adadi adikire kunyumba.

Akazi a Kamfupi anabwera kuno. Anaima pakhomo apo, mwana kumbuyo, m'manja jumbo ya zovala zakuchipatala.

"Alamu, mwamuna wanga mwadya naye mbale imodzi zaka zonsezi. Ndi wabodza?"

Adadi anati, "Mlamu, ine sindikuti ndi wabodza. Ndikuti sindinamve."

"Kuntchito simunanene choncho. Munati sanakuwe."

Amayi anati, "Lowani kaye, amzanga, mukhale pansi."

"Ndikhale pansi? Munthu akulephera kumanga buluku lake yekha, ine ndikhale pansi?"

Anatembenuka n'kumapita. Kamwana kaja kanali kugwedeza dzanja kutitsanzika, sikadziwa kanthu.

Nyumba inakhala ngati pali maliro. Adadi mahedifoni osawakhudza, anangowakoleka pa msomali apo. Amayi pa makina awo osokera basi. Ndiye masiku omwewo azakhali anga akusamuka anatisiyira katoni ya zinthu zakale, m'menemo muli kompyuta yosayaka ndi tisipika iti. Iwe! Tating'ono ngati makapu, ndinati tizidole. Ndinalumikiza ku foni yanga, supuni imene inali pa tebulo inayamba kunjenjemera yokha! Ndinalumpha! Ndinatiika bwinobwino, kamodzi uku kena uko, ine pakati ngati mfumukazi.

Ndinayang'ana adadi atakhala pa mpandowu, maso ali pa khoma, ndinati koma lero aseka. "Adadi, bweretsani foni yanu mumve zodabwitsa." Anandipatsa osayang'ana n'komwe. Ndinaika nyimbo yawo ija. Gitala anayamba, bambo uja n'kuyamba kudandaula kwake. Atangopuma, mzimayi anamuyankha. Mawu ake, mnzanga, okoma koma achipongwe, akumuuza kuti asiye kulira pagulu, anayamba ndi iye.

Adadi anadzutsa mutu. "Waika nyimbo yanji?"

"Yanu ija."

"Ayi. Yanga ilibe mzimayi."

"Ndi foni yanu, adadi, onani. Ndi yomweyo."

"Ndakuuza kuti ilibe mzimayi. Ndaimvera zaka zingati ine?"

Pamenepo ine mutu unayaka ngati babu. Ndinaika khutu pa kasipika ka kumanzere, bambo yekha. Ndinathamangira ka kumanja, mzimayi yekha. Gitala ali konsekonse. Eee, ndinasangalala! Ndinati, "Adadi, anachita kuwagawa! Bambo anamuika mbali iyi, mzimayi mbali iyo, ngati akukangana pa mpanda! Pa masipika mawu amasakanikirana m'chipinda, koma pa mahedifoni aliyense amapita khutu lake." Ndinatsitsa mahedifoni pa msomali, kulumikiza, kuvala. Onse awiri analimo, mbee. Ndinawaveka adadi.

"Mukumumva mzimayi?"

"Ayi."

Ndinawavula, kuwatembenuza, mbali ya kumanja kupita kumanzere, kuwavekanso. Adadi anadzidzimuka ngati awathira madzi ozizira. "Ndi uyu. Koma bambo uja wapita kuti?"

Ine n'kuwomba m'manja! "Mwaona! Zatheka!" Ndinali kudumphadumpha pamenepo ngati ndapambana mpikisano. Kenako ndinaona kuti makina a amayi asiya kulira. Ndinayang'ana nkhope ya adadi, manja anga anangotsika okha.

Anavula mahedifoni pang'onopang'ono. Anati, "Ndiye zimene amaimba Kamfupi zija zilimo."

Analowa kuchipinda n'kutuluka ndi timahedifoni ta kuntchito. Anaika kamodzi kumanzere, voliyumu mpaka kumapeto, ine ndikumva nyimbo ikutayikira kunja. Anaima pakati pa chipinda n'kuuza amayi kuti apalase makina awo. Kwa ine anati, "Iwe, kaime uko kumanja, pa kabati. Ine nditseka maso. Ukuwe."

"Ndikuwe chiyani?"

"Ukuwe kuti zimitsa."

Anatseka maso. Makina a amayi anayamba kulira. Ndinakuwa, "Zimitsa!" Ndinakuwanso mpaka kukhosi kunawawa, galu wa aneba anayamba kuuwa, amayi anasiya kupalasa n'kugwira pakamwa. Adadi ali chiimire, maso otseka, akudikira. Ndipo mutu wawo, iwe, unali utayamba kugwedezeka wokha kutsatira nyimbo, pang'onopang'ono, mmwamba pansi, iwo osadziwa.

Anatsegula maso. "Bwanji sukukuwa?"

Anayang'ana amayi, amayi anali kulira. Anachotsa kahedifoni kaja n'kukhala pansi penipeni, pa simenti, osati pa mpando.

Mkangano unayamba asanadzuke n'komwe. Amayi anatseka chitseko ndi windo. "Bambo ake, mverani. Amene akudziwa ndi ine, inu, ndi mwanayu. Mukakanena, makina amenewo simudzawagwiranso. Ndani angalembe ntchito munthu wosamva pakati pa macheka? Ntchito ina mumaidziwa iti? Tidya utuchi?"

"Nanga kwa Kamfupi adya chiyani?"

"Simunaname! Munanena zimene munamva."

"Tsiku lija sindinaname. Ndikakabwereza mawa ndiye ndanama."

Amayi anatembenukira kwa ine. "Iwe ndi tisipika tako!" Anangonena zomwezo. Amayi anga si oipa, usawaone choncho. Iwo ndi amene amadziwa zimene zili m'kabati ndi zimene mulibe. Tsiku limenelo sanaphike. Koma m'mawa wa tsiku la mlandu ndinawapeza akusita shati yoyera ya adadi, kolala mpaka kuibwereza, nkhope ili gwa.

Zakumeneko ndinamva kwa amayi, chifukwa adadi anawauza mwachidule atabwerako. Akuti analowa mu ofesi muli eni shopu ndi a kapitawo, asanawapatse mpando anati, "Kamfupi anakuwa. Ine ndi amene sindinamve. Khutu ili linafa, sindikudziwa kuti liti." A kapitawo sanakhulupirire, ankaganiza kuti akungofuna kupulumutsa mnzawo. Anapita kumbuyo kwawo n'kugwedeza mulu wa makiyi pafupi ndi khutu lakumanja. Adadi osaphethira. Basi, nkhani inathera pomwepo. A Kamfupi zakuchipatala ziwonedwa ndi shopu, ndipo akachira akakhala ku sitolo ya zipangizo, kumapereka misomali ndi guluu. Koma adadi anauzidwa kuti atenge ovolosi yawo ndi kapu yawo ya tiyi, azipita.

Ndipo ukudziwa chinanso? A kapitawo analetseratu timahedifoni m'shopu monse, ngakhale khutu limodzi. Ndiye anzawo onse akwiyira adadi! Anthu amene anagwira nawo ntchito zaka zonsezi, akakumana nawo panjira amayang'ana kumbali. Wina anawakuwira patsidya pa msewu kuti, "A Wayilesi, mwatizimitsira tonse!" Mwamwayi anali mbali ya kumanja. Ndinamva ndine ndekha, ndipo sindinawauze.

Kuchipatala ndinapita nawo. Wodi yake fungo la mankhwala lokhalokha, a Kamfupi ali pa bedi la pakona, dzanja lokulungidwa ngati mutu wa mwana. Anali atamva kale. Adadi anaima pambali pa bedi, chipewa m'manja. A Kamfupi ananena kanthu motsitsa, adadi osamva, chifukwa anaima molakwika. Anachita kuzungulira bedi lonse, anthu a pa mabedi ena akuyang'ana, n'kuwerama kupereka khutu lakumanzere.

"Ndati unagwedeza mutu."

"Inali nyimbo."

"Iti?"

"Ija unandiikira."

A Kamfupi anatulutsa kamphepo m'mphuno, kaya kunali kuseka kaya chiyani. Anatembenukira kukhoma. Ife tinayamba kutuluka. Akazi awo anatiperekeza mpaka pa khomo la wodi n'kunena kuti, "Zikomo alamu, mwanena zoona. Koma zala sizimera."

Tsiku lomwelo tinapita mbali ya makutu. Iii, kumeneko ndiye kuli kachipinda, iwe! Kakang'ono ngati bafa, makoma ake ofewa, ukatseka chitseko umamva mtima wako ukugunda. Adokotala anandilola kulowamo pang'ono, ndinafuna kugona momwemo! Adadi anawaveka mahedifoni ofiira mbali ina, abuluu mbali ina, n'kuwapatsa kabatani kuti azidina akamva kulira. Ine ndikuonera pa galasi. Mbali ya kumanja adokotala anakweza, anakweza, chala cha adadi chili phee. Mbali ya kumanzere ankadina, koma pena adokotala ankadikira, adadi osadina.

Atatuluka adokotala anati lakumanja linapita, makina analidya kalekale, silibwerera. Lakumanzere nalonso layamba, ndipo limeneli ladyedwa ndi kahedifoni, chifukwa chokweza tsiku lonse kuti kapose makina. Anati akapitiriza, nalo lipita. Mahedifoni ayi, aakulu kaya aang'ono.

Adadi anafunsa ngati mwana wopempha shuga, "Nanga tisipika tating'ono ta pa tebulo?"

"Motsitsa, bambo. Ngati mwanayu akuchita kukuwa kuti mumumve, ndiye kuti mwakweza."

Ndiye ndi zimenezo ukuziona apazi. Atangofika kunyumba anatenga ka kumanja n'kukabweretsa pafupi ndi kanzake. Ine ndinayamba, "Adadi, sitikhala choncho," amayi anandiponda phazi. Masana akatopa kuzungulira kufuna ntchito amakhala apa, kutembenuza mutu chonchi, voliyumu pansi ngati munthu akunong'ona. Nyimbo zonse amamvera kupatula ija. Ija sanaifufute, koma ikangoyamba amaidumpha. Mahedifoni aakulu aja amayi anawatsekera m'dirowa ya makina osokera, tinsalu ta maluwa tili pomwepo.

Ntchito sinapezeke. Kulikonse kumene kuli matabwa nkhani inafika kale iwo asanafike. Amayi akusoka mpaka msana kuwawa, ndipo ine sananditchulirenso za tisipika, koma akamapukuta tebulo amatilambalala.

Panopa adadi apita kwa a Kamfupi, paja a Kamfupiwo anatuluka m'chipatala. Amapitako ndi hamala ndi misomali, akuti chitseko chawo chinaguluka ndipo mwini wake sangachikonze ndi dzanja limodzi. M'nyumba sanawalowetsebe. A Kamfupi amakhala pa khonde n'kumayang'ana, osayankhula, kupatula dzulo akuti anati, "Wakhomera mokhota." Adadi anabwera akunena zimenezo ngati apatsidwa mphatso. Amayi anangoti, "Mwamva bwanji?" Adadi anati, "Ndinaima bwino."

Iii, taona nthawi, amayi ako akupha! Tenga chikwama chako, chili pansi pa mpando. Ubwere Loweruka masana, ndipo usaiwale waya wako uja wautali, wathuwu ukudukaduka, mzimayi wa m'nyimbo iliyonse amasowa ukangougunda. Adadi adzakhalapo. Za ntchito usawafunse. Ukamadzawapatsa moni uime mbali iyi, kumanzere, ndipo usakuwe, amadana nazo. Ungoyankhula bwinobwino, akumva.